Ndondocha za ku Hyderabad

Sewero la pawailesi

Otenga mbali: A GAMA, bambo wopuma pa ntchito ya umesenjala. NACHISALE, mayi wokazinga mandasi. TADALA, mdzukulu wa Nachisale. Nyumba ziwirizi zili ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, ndipo pakati pake pali mpanda wa bango wobooka.

(M'mawa. Tsache likusesa pabwalo. Bakha akulira, kenaka beseni likugubuduka.)

NACHISALE: Shii! Choka apa mbava iwe! A Gama! A Gama inu, tatulukani mudzaone ntchito za mwana wanu!

A GAMA: (ali m'nyumba) Ana anga onse ali pa ntchito, aneba. Wina ku Kanengo, wina ku Joni.

NACHISALE: Ndikunena wamapikoyu! Wadutsa pamphasa ndi mapazi amatope. Ufa woyera ndavutika nawo sabata yonse, lero wasanduka mgaiwa.

A GAMA: (akutuluka, akuyasamula) Bakha ndi chiweto chaukhondo. Amasamba kawirikawiri kuposa anthu ena amene ndimawadziwa.

NACHISALE: Anthu ake ati? Atchuleni!

A GAMA: Ine dzina sindinatchule. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

NACHISALE: Onani, mwandiyambitsa mutu dzuwa lisanakwere. Imani pomwepo ndimwe kaye mankhwala, ndikusambitseni chokweza bwinobwino.

(Akumasula mfundo ya chitenje. Kapepala kakufunyululidwa.)

A GAMA: N'chiyani chimenecho mwamasula pamfundopo?

NACHISALE: Maso mulibe? Mapiritsi awiri oyera ndi kapisozi wofiira uku, wachikasu uku.

A GAMA: Mwawatenga kuti?

NACHISALE: Kwa mnyamata uja wa pamsika, pafupi ndi ogulitsa usipa. Ukangomuuza pomwe pakupweteka, amakusakanizira yekha.

A GAMA: Ndi manja?

NACHISALE: Ayi, ndi zala za kuphazi. Funso lanji limenelo?

A GAMA: Manja omwewo olandirira ndalama, omwewo ominira chimfine. Aa, aneba, dziko linakusiyani pa siteji. Ine mankhwala anga a BP, kuyambira pomwe anali ufa mpaka kulowa m'katoni, dzanja la munthu silinawakhudze.

NACHISALE: Anagwa kumwamba?

A GAMA: Anachokera ku India, mayi. Hyderabad. Tatchulani.

NACHISALE: Sinditukwana m'mawa ine.

A GAMA: Mzinda wodzaza mafakitale a mankhwala. Mudzatembenuze kabotolo ka ma ARV kapena paketi ya LA ya kuchipatala, kawirikawiri mupeza palembedwa India. Kumeneko ndi kumene kuli Yamikani, mwana wa achemwali anga. Ine kumeneko ndi kwathu tsopano.

NACHISALE: Inu kutali kumene munafikako ndi pa boda ya Mwanza, ndipo anakubwezani chifukwa cha pasipoti.

A GAMA: Masiku ano timayenda pafoni. Dzulo lomweli ndinali m'fakitale, Yamikani akundionetsa antchito ake.

NACHISALE: Yamikani uja ankandiba mandasi m'chidebe ali ndi antchito?

A GAMA: Osati antchito wamba. Amenewo, aneba, sadya.

NACHISALE: Akusala?

A GAMA: Sadya, samwa, sagona. Usana ndi usiku ali chigwirire. Mwezi ukatha safola pa mzere wa malipiro. Kumaliro sapita, ku chinkhoswe sapita.

NACHISALE: (motsitsa mawu) A Gama, tabwerezani pang'onopang'ono. Mwati sadya?

A GAMA: Olo phala.

NACHISALE: Sagona?

A GAMA: Olo kusinza.

NACHISALE: Amayankhula?

A GAMA: Ayankhule ndi chiyani? Lilime alibe.

NACHISALE: Mayo ine! Anawadula!

A GAMA: Kuwadula bwanji? Anabwera ali choncho.

NACHISALE: Nanga amawasunga kuti?

A GAMA: M'chipinda chotseka ndithu, cha magalasi. Munthu wamba salowamo. Yamikani yemweyo amangosuzumira panja.

NACHISALE: Ndinadziwa ine! Ndinadziwa! Mwana wangopita dzana lomweli, lero mayi ake akhoma malata, agula sofa, akudya nyama pakati pa mwezi. Ndinkadzifunsa kuti sukulu yake iti yolemeretsa chonchi. Kani ndi ndondocha!

A GAMA: Ndondo chiyani?

NACHISALE: Ndondocha, a Gama! Mwana wa achemwali anu akuweta ndondocha kwa Amwenye!

A GAMA: Ha! Mayi inu mwayamba. Tamverani kaye mmene amaonekera, mumvetsa. Ambiri ali ndi mkono umodzi basi.

NACHISALE: Winawo unapita kuti?

A GAMA: Sunapite kulikonse. Umodzi womwewo ndi wokwanira, umapindika m'malo 6.

NACHISALE: Anauthyolathyola! Nanga miyendo?

A GAMA: Miyendo alibe. Anawamangirira pansi ndi mabawuti kuti asasunthe. Ena anawapachika kudenga.

NACHISALE: Kudenga! Tadala! Tadala iwe, bwera kuno msanga!

TADALA: Wawa agogo?

NACHISALE: Thamanga kwa amfumu. Ukawauze kuti kwa a Gama kwatuluka nkhani ya ndondocha. Zina zopachika kudenga. Usaime panjira!

(Mapazi a mwana akuthamanga.)

A GAMA: Tadala, bwerera! Aa, mwana ameneyu akamatumidwa kukatunga madzi sathamanga chonchi. Aneba, akudengawo ndiye akatswiri. Ali ndi timikono titatu towonda, anyamata amangowatchula kuti akangaude. Amatola mapaketi opitirira 100 pa mphindi imodzi, tolee, ikee, tolee, ikee, maso ako osatha kutsatira.

NACHISALE: Ndi mantha amenewo. Munthu womupachika kudenga angachedwe? Ndiuzeni, ndi ana a yani?

A GAMA: Achikasu amachokera ku Japan, mtundu wake ndi FANUC. Ena oyera amachokera ku Switzerland, a Stäubli.

NACHISALE: Mpaka azungu akugwidwa! Ufiti wa Yamikani ndiye wa pasipotitu. Makolo awo akudziwa?

A GAMA: Kholo la akangaude aja ndi mphunzitsi wina wa ku Lausanne, Reymond Clavel. M'zaka za m'ma 1980 nkhani inayambira pa fakitale ya chokoleti, ankafuna wotola timaswiti tija mwachangu n'kumaika m'mabokosi.

NACHISALE: Eya! Anawanyengerera ndi chokoleti! Ndimawauza ana anga tsiku lililonse, osalandira maswiti kwa munthu wosamudziwa. Lero si izi?

A GAMA: Palibe amene ananyengereredwa!

NACHISALE: Amasamba koma?

A GAMA: Amawafukiza.

NACHISALE: Kufukiza! Mwamva anthu inu? Wanena yekha ndi pakamwa pake!

A GAMA: Ndi nthunzi ya mankhwala opha tizilombo, hydrogen peroxide, omwe aja atsikana amayeretsera tsitsi ku saluni. Amatseka chipinda, n'kufukiza paliponse ntchito isanayambe. Munthu sangapume mmenemo.

NACHISALE: Munthu sangapume, iwo n'kumagwira ntchito. Ndiye mukufuna umboni wina wotani? Dikirani. Mwamuna wa Nangozo uja anasowa, tinkati anakwera basi ya ku Joni. Pakanema wanuyo simunaone wina wa dazi, wotsimphina?

A GAMA: Ndati miyendo alibe!

NACHISALE: Ndiye kutsimphinako kunatha. Kalanga ine Nangozo, akudikira malonje a ku Joni pamene mwamuna wake akulongedza panado kudenga!

A GAMA: Aneba...

NACHISALE: Musandiyandikire! Imani kuseri kwa mpandako! N'chifukwa chake maso anu amafiira madzulo. Mumamwa zolongedza ndondocha!

A GAMA: Maso amafiira ndi utsi wa mandasi anu!

NACHISALE: Ndipo bakha uja sindinamukhulupirirepo. Bakha wanji woyang'ana munthu m'maso?

A GAMA: Ndi makina, mayi! Zitsulo! Maloboti!

NACHISALE: Maloboti? Apamsewu aja?

A GAMA: Awo ndi ena. Awa ndi mikono yachitsulo yoyendera magetsi, yolamulidwa ndi kompyuta. Nayi foni, penyani nokha, mundisiye ndipume.

(Pafoni pakumveka makina: tsiki, tsiki, fuu, tsiki.)

NACHISALE: Tasendezani kuno, dzuwa likuthobwa. Ichi? Chachikasuchi?

A GAMA: Chimenecho.

NACHISALE: Oho. Ndiye bwanji osangonena kuti Yamikani amagwira ntchito pa chigayo?

A GAMA: Si chigayo!

NACHISALE: Chimalira, chimadya magetsi, chimatulutsa zoyera. Chigayo. Komanso eni zigayo ena timawadziwa zomwe amasunga kuseri.

A GAMA: Chigayo chake chiti chingadinde mapiritsi opitirira 200,000 pa ola limodzi? Makina odindawo akamaliza, ena amatseka mapiritsi m'timatumba tija ta pulasitiki ndi kachitsulo kopyapyala, kenaka maloboti amatola, kuika m'timabokosi, m'makatoni, mpaka kusanja makatoni poyembekeza lole. Ndipo si zadzana izi. Loboti yoyamba ya m'fakitale inayamba ntchito mu 1961, kwa General Motors ku America, dziko lino lisanalandire ufulu. Inu nthawi imeneyo mano munali nawo kale.

NACHISALE: Zaka zanga muzisiye, si inu munandibereka. Chabwino, ndi zitsulo. Nanga kuzitsekera m'chipinda bwanji, zithawa?

A GAMA: Satsekera izo kuti zisatuluke. Amatsekera ife kuti tisalowe. Kumalo kopangira jekeseni, diripi ndi katemera, chinthu chauve kwambiri ndi munthu.

NACHISALE: Mwabwereranso pa nkhani yosamba ija eti?

A GAMA: Munthu aliyense, aneba, ngakhale bishopu. Khungu limayoyoka tinthu tosaoneka, tsitsi limathothoka, mpweya uli ndi tizilombo. Olo umuveke zoyera kuchokera kumutu mpaka kuphazi, akangoyenda, tinthu tija timauluka. Piritsi limadzera m'mimba, koma jekeseni amapita m'thupi mosadutsa pa mlonda. Kachilombo kakalowa m'kabotolo, wodwala uja wamuwonjezera matenda.

NACHISALE: Ndiye loboti siyetsemula.

A GAMA: Siyetsemula, sikanda m'mutu, sikumbukira ngongole ili pa ntchito. Ku Ulaya anakhwimitsa malamulo a mankhwala obaya, anayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2023, ndipo akulimbikitsa zomwezi, zoti munthu atalikirane ndi botolo lotsegula. Fakitale ya ku India ikafuna kugulitsa ku Ulaya, iyenera kutsatira. Komanso pali mankhwala ena, monga a khansa, oti wogwira ntchito akamawapuma tsiku ndi tsiku amamuvulaza. Amenewo bola chitsulo.

NACHISALE: Mwaloweza bwinotu. Kusukulu mukanaloweza chonchi, bwenzi umesenjala munaudumpha.

A GAMA: Sindinathe. Zilinso ndi maso.

NACHISALE: Musayambirenso. Ndangotsitsa kumene mtima.

A GAMA: Makamera, mayi. Tengani LA ya munthu wamkulu: mapiritsi 24, anayi m'mawa, anayi madzulo, masiku atatu. Kamera imayang'ana kathumba kalikonse. Pakasowa limodzi, kapena lina labenthuka, paketiyo imakankhidwira pambali ndi mpweya, fuu! Timabotolo ta jekeseni amatizunguza pa kuwala, kamera n'kumafufuza kachitsotso kapena mng'alu. Munthu pofika madzulo maso atopa, ayamba kuona ziwiriziwiri.

NACHISALE: Makamaka akadzera kumene mumadzera inu Loweruka.

A GAMA: Loweruka ndimapita ku kwaya.

NACHISALE: Kwaya yake yobwerako mukukwawa. Koma tsono imvani funso langa, a Gama. Atsikana amene ankalongedza ndi manja aja ali kuti? Chitsulo sichidya, chabwino. Nanga iwo, nawonso asiye kudya?

A GAMA: Eee, pamenepo... ntchito zina zimathadi, sindingakunamizeni. Pomwe pankaima anthu ambiri olongedza, lero pamaima ochepa. Koma makina aja amafuna wowakonza, wowalamula pa kompyuta, woyeza mankhwala mu labu, wosainira kuti katunduyu atuluke. Tadala wanuyo akalimbikira masamu, akhoza kukaphunzira za mankhwala ku KUHeS, kapena za makina ku MUBAS pa Chichiri pompa.

NACHISALE: Fizi mulipira ndinu?

A GAMA: Tidzaona nthawi yake ikadzakwana.

NACHISALE: Ndi bakha mmodziyo. Mayi wa ana anayi amene wachotsedwa pa mzere wolongedza mumuuza kuti apite ku MUBAS? Inu zinthu zikakhala pafoni zimakukomerani.

A GAMA: Komatu mankhwala akuchuluka, akufikira anthu ambiri.

NACHISALE: Mukufuna kunena kuti ma ARV anatsika mtengo chifukwa cha akangaude anuwo?

A GAMA: Ayi, imeneyo inali nkhondo ya mitengo. Mu 2001 kampani ya Cipla ya ku Mumbai inati ipereka mankhwala a chaka chonse pa madola 350, pamene kwina ankagula madola opitirira 10,000. Kuno boma linayamba kupereka aulere mu 2004. Makina ntchito yawo ndi yoti mabotolo akwane, mwezi ndi mwezi, onse ofanana.

NACHISALE: Onse ofanana. Chabwino. Wailesi ndili nayo inenso, si inu nokha. Ku Gambia mu 2022, ana pafupifupi 70 anamwalira atamwa mankhwala a chifuwa a m'mabotolo. Impso zinaleka kugwira ntchito. Mabotolowo anachokera kuti?

A GAMA: (chamumtima) Ku India.

NACHISALE: Kwezani mawu, bakha sanamve.

A GAMA: Ku India! Koma si ku Hyderabad, ndi fakitale ina ya kumpoto.

NACHISALE: Maso a kamera anali kuti?

A GAMA: Pamenepo mwandigwira pakhosi, aneba. Muja munapezeka diethylene glycol, zinthu zomwe zimapezekanso m'mafuta a mabuleki. Olo pakanaima maloboti 100, akanathira ndithu. Loboti imathira chomwe yapatsidwa. Mwini fakitale akagula zosakaniza zoipa n'kusiya kuziyeza, makina adzaza poizoni mwaukhondo, botolo lililonse mlingo wofanana, chitsekerero chomanga bwino.

NACHISALE: Ehe! Ndiye mwagonja.

A GAMA: Sindinagonje. A WHO atachenjeza dziko lonse, anatchula mayina a mankhwala anayi aja ndi fakitale yake, anthu n'kudziwa choti achotse pa shelefu. Paketi yeniyeni imakhala ndi dzina, nambala ya gulu lomwe inapangidwira limodzi, ndi tsiku lothera mphamvu. Kuno kwathu a PMRA, oyang'anira za mankhwala, akalengeza kuti mankhwala a nambala yakutiyakuti abwezedwe, umatembenuza paketi n'kuwerenga. Ku Ulaya kuyambira 2019 anafika poti pafupifupi paketi iliyonse ya mankhwala olembedwa ndi dokotala ili ndi nambala yakeyake, makina amadinda, kamera n'kutsimikiza. Tsono tatembenuzani kapepala kanuko. Palembedwa chiyani?

NACHISALE: (akuwerenga movutika) "Masamu, Sitandade 6. Pezani yankho la..."

A GAMA: Mwaona? Dzina la mankhwala ndi Masamu. Tsiku lothera mphamvu ndi Sitandade 6.

NACHISALE: Koma amagwira ntchito! Mwezi watha mutu unasiya.

A GAMA: Mutu umasiyanso wokha ine ndikapita kumudzi. A WHO omwewo ananena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, pa mankhwala 10 aliwonse, amodzi amakhala achinyengo kapena osakwanira mphamvu. Inu oyerawo mukudziwa kuti ndi panado kapena choko? Akhala padzuwa pamsika paja miyezi ingati?

NACHISALE: Mnyamata uja ndi wopemphera.

A GAMA: Nanga kapisoziyo ndi wa chiyani?

NACHISALE: Ameneyu ndi wa chilichonse. Mutu, m'mimba, chilonda ukamutsegula n'kuwaza. Nkhuku zanga zikayamba kusinza ndimasungunulira m'madzi.

A GAMA: Mankhwala amodzi, inu ndi nkhuku?

NACHISALE: Zimachira zina.

A GAMA: Zingati zinatsala chaka chatha?

NACHISALE: Tambala.

A GAMA: Chitopa chimafuna katemera, funsani alangizi a ziweto. Ndipo makapisozi otere sachiza mutu. Kumwa mmodzimmodzi choncho n'kuphunzitsa tizilombo kulimba, tsiku lodzadwala zenizeni adzakukanani. Tayani zimenezo, mupite kuchipatala kapena ku famase yovomerezeka, akupatseni za m'paketi yosatsegula.

NACHISALE: Kuchipatala ukafole m'mawa wonse, mapeto ake akuuze kuti mankhwala atha, kagule. Maloboti anuwo akupanga 200,000 pa ola, nanga amathera kuti?

A GAMA: Imeneyo ndi nkhani ya ndalama zakunja ndi anthu a manja aatali. Loboti siyendetsa lole.

NACHISALE: Hm. (kanthawi) Chabwino aphunzitsi. Tationetsani anuwo, osakhudzidwa ndi dzanja la munthu. Ndione nambala ya gulu.

A GAMA: Ali m'nyumba, patali.

NACHISALE: Nanga chikulira m'thumba la malayalo n'chiyani? Mukamayenda chimachita wayawaya.

A GAMA: Machesi.

NACHISALE: Inu fodya munasiya adokotala atakuopsezani. Bweretsani kuno!

(Kulimbana pa mpanda. Bango likuthyoka. Kabokosi kakukhutchumuka.)

A GAMA: Aneba, ulemu! Mwang'amba thumba!

NACHISALE: (akutsegula, kenaka kuseka kwambiri) Anthuni! Bwerani mudzaone Hyderabad! Kabokosi ka machesi! Muli mapiritsi oyera, apinki, theka la lina lachikasu, batani la malaya, njere ziwiri za mtedza, ndi ichi... a Gama, ili si dzino?

A GAMA: Linaguluka pa Khirisimasi. Ndikusungira adokotala akalione.

NACHISALE: Paketi yake ili kuti?

A GAMA: Imakhwekhwereza m'thumba, anthu kutchalitchi amatembenuka. Ndiye ndinawatulutsa onse. Kachitsulo kakumbuyo kaja ndinapanira mabatire a tochi, anali okhwepa.

NACHISALE: Mzungu wa chokoleti anavutika. Kangaude anapachikidwa kudenga, anamufukiza, kamera inayang'ana usiku wonse. Mankhwala akwera sitima, atsikira ku Beira, adutsa pa Mwanza pomwe munabwezedwa inu, dzanja la munthu osawakhudza. Afika ku Chilobwe, agona ndi dzino!

A GAMA: Dzinolo ndi langa, mankhwalanso ndi anga. Akudziwana.

NACHISALE: A BP ndi ati apa?

A GAMA: Oyerawo.

NACHISALE: Oyera alipo a mitundu iwiri, aakulu ndi aang'ono.

A GAMA: Aang'onowo. Ayi, dikirani. Aakuluwo ndi a BP, aang'ono ndi aja anatsala nthawi ya msana. Kapena... tabweretsani ndinunkhize.

NACHISALE: Anatha mphamvu liti?

A GAMA: Tsikulo lili m'tochi.

NACHISALE: Ndiye ine ndi inu wasiyidwa pa siteji ndani? Anga bola ali ndi masamu.

A GAMA: Tamverani, aneba, tisachititsane manyazi. Tonse tipite kuchipatala, inu akakuoneni mutuwo, ine akandipatse paketi ina. Koma za kabokosika anamwino asazimve. Amene uja amakalipa anthu onse akumva.

NACHISALE: Pakamwa panga pamatsekedwa ndi ndalama ya minibasi, kupita ndi kubwera.

A GAMA: Kupita kokha.

NACHISALE: Ndiye ndinena za dzino lokha.

(Chapatali, phokoso la anthu ambiri likuyandikira. Agalu akuuwa. Wina akuimba likhweru.)

A GAMA: Kodi kwagwanji? Wagwidwa wakuba?

TADALA: (akupuma mwawefuwefu) Agogo! Amfumu akubwera! Abusa alinso pomwepo, ndi anyamata a kabaza onse. Mayi Nangozo akulira, akuti awonetseni denga lomwe apachikako amuna awo!

A GAMA: Mwaona zomwe mwachita? Auzeni msanga kuti munamva molakwa!

NACHISALE: Ine ndinamva bwinobwino, munanena molakwa ndinu. Aonetseni pafonipo, nkhani ithe.

A GAMA: Eya, foni. (akudinadina) Yaka, iwe. Yaka! Aneba, yazima. Magetsi anapita dzulo, sindinatchaje.

NACHISALE: Ndiye mufotokoza ndi pakamwa. Koma chonde a Gama, yambani ndi mawu oti chitsulo. Chitsulo, mwamva?

A GAMA: Musandiphunzitse kuyankhula pagulu, ndinali mesenjala kwa DC ine. (akukhosomola, mokweza) Zikomo amfumu, zikomo abusa, takulandirani nonse. Mitima pansi. Nkhaniyi ndi yaing'ono. Choyamba, antchito a mwana wathu Yamikani aja, n'zoona, sadya ndipo sagona...

(Chiphokoso. Mayi akulira mokweza. Mpanda wa bango ukugwa.)

NACHISALE: Chitsulo, bambo inu! Nenani chitsulo!